Chekeni pakhomo la fiyeta

Unali mwezi wa Juni, nyengo imene chisanu cha ku Dedza chimadutsa ngakhale bulangete lachiwiri. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 6, anali atagonekedwa m'chipatala china kudikira opaleshoni ya chophukera. Madzulo, mayi ake atapita kukaphika kukhitchini ya magadiyani, iye anandikoka malaya.

"Amalume, mbuzi ija ya pa Khirisimasi anayamba n'kuikomola kapena n'kuing'amba?"

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Tsiku lonse ankamva ife akuluakulu tikukamba za iye ngati palibe: mawa akamukomola, akamung'amba pamimba, akamusoka. Kukomoka anakuona kwa agogo ake asanatisiye, kung'amba anakuona pa mbuzi, kusoka anakuona pa matumba a mbatatesi. Pa zitatuzi panalibe chimene chinadzukanso n'kumayenda.

Namwino wa usiku anamva funsolo. Anathothola pepala m'kope lake, nakhala m'mphepete mwa bedi, n'kujambula kamunthu ka mutu waukulu. M'munsi mwa mchombo, chakumanja, analemba kamzere kafupi ngati chala chaching'ono cha mwanayo, n'kudutsitsapo timizere titatu. "Pamene akatsegule ndi apa pokha," anatero. "Iti ndi timfundo ta ulusi. Iwe ukakhala m'tulo ta mankhwala, sukamva kanthu, ndipo pali munthu amene ntchito yake ndi kukhala kumutu kwako mpaka udzuke. Ukadzuka pakhala pakuwawa, tidzakupatsa mankhwala." Kenako anapisa m'thumba, natulutsa zidutswa ziwiri za chekeni. "Tamuveke juzi mnzakoyu, akuzizidwa."

Zonsezi sizinakwane mphindi 10. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati zimene anachita namwinoyu zinali chabe mtima wabwino wa mayi, kapena chinali chithandizo chenicheni, choyenera kuphunzitsidwa ndi kulembedwa pa ndondomeko ya wodi monga timalembera panado.

Mantha amawawitsa bala

Ululu wa ana unachedwa kuwerengedwa, ngakhale m'mayiko olemera. Mpaka m'zaka za m'ma 1980, makanda ambiri ankachitidwa opaleshoni atapatsidwa mankhwala owaletsa kugwedezeka koma popanda opha ululu okwanira, poganiza kuti mitsempha yawo sinakhwime. Mu 1987 dokotala K.J.S. Anand ndi anzake anaonetsa kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene apatsidwa mankhwala opha ululu pa opaleshoni amakumana ndi zovuta zochepa pochira. Ganizo lakale lija linagwera pomwepo.

Mantha nawo anadzayezedwa. Zeev Kain ndi anzake ku yunivesite ya Yale ku America anakonza mu 1997 njira yopimira nkhawa ya mwana pongomuyang'ana mmene akukhalira, mmene akulankhulira ndi mmene akukangamirira kwa kholo. Ofufuza ambiri ogwiritsa ntchito njirayi amapeza kuti mwana mmodzi mwa awiri aliwonse, kapena kuposerapo, amakhala ndi mantha aakulu pofika nthawi yogonetsedwa. Mu 2006 gulu lomweli linafalitsa zimene linaona pa ana 241 a zaka 5 mpaka 12 amene anachitidwa opaleshoni ya pakhosi. Amene analowa kufiyeta akunjenjemera ndi amenenso anamva ululu wochuluka atatuluka, anamwa mankhwala opha ululu ambiri kunyumba, ankadzuka kumankhwala ogonetsa akuphiriphitha mosokonezeka, ndipo masiku otsatira ankavutika kugona.

Aliyense amene anagwirapo mwana wokana jakisoni akudziwa mmene zimakhalira. Mtima umathamanga, thupi limauma gwa, dzanja silikhala malo amodzi. M'chisanu cha kuno mitsempha ya mwana imabisala kale. Onjezanipo kulimbana, wobaya diripi aphonya kawiri katatu, ndipo kuphonya kulikonse kumauza mwana kuti mantha ake anali oona.

Ena mwa mantha amenewa timawadzala tokha. Ndani sanamvepo mayi akuti, "Ukapitiriza kulira ndikupititsa kwa adokotala akakubaye"? Mwana amakula akudziwa kuti chipatala ndi chilango. Akuluakulunso tili ndi zathu: mphekesera za anamapopa zimene zinavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, mpaka anthu kuphedwa, zinaonetsa mmene nkhani ya magazi ndi singano imakhalira pafupi ndi mantha m'mitima ya ambiri. Mwana amamva zonsezi ali chikhalire pakhonde.

Ana amene tikunena

Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000, ndipo m'dziko lonse theka la anthu ndi osakwana zaka 18. Ana obwera kufiyeta kuno amabwera ndi zodziwika: chophukera, zithupsa zofunika kuboola, mafupa othyoka pogwa mumtengo wa pichesi kumtunda kuno kapena wa mango kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti, ndiponso zilonda zamoto. Nyengo yozizira mabanja amaothera moto m'nyumba, ndipo mwana wokwawa sachedwa kugwera pambaula kapena kudzikhuthulira phala lotentha.

Ambiri mwa maopaleshoni a m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi ma clinical officer, amene tonse timangowatcha adokotala, ndipo ogonetsa odwala nawonso kawirikawiri ndi a gulu lomweli. Mankhwala amene amadalira kwambiri ndi ketamine, chifukwa sagwetsa msanga kupuma kapena kuthamanga kwa magazi ndipo safuna makina ambiri. Koma ketamine amatha kubweretsa maloto oopsa podzuka, makamaka kwa ana okulirapo, n'chifukwa chake kudzukira pamalo abata, pafupi ndi nkhope yodziwika, n'kofunika.

Zovuta kwambiri amazitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kapena ku Blantyre, kumene kuli Beit CURE, chipatala cha mafupa a ana chimene chinatsegulidwa mu 2002, ndi Mercy James Centre pa Queen Elizabeth, imene inatsegulidwa mu Julayi 2017. Bungwe la ku Scotland la KidsOR, limene limakonza zipinda za opaleshoni ya ana m'mayiko ambiri kuphatikizapo ku Kamuzu Central, limadziwika ndi kukongoletsa makoma a zipindazo ndi zithunzi za nyama zowala mitundu, kuti chimene mwana aone komaliza asanagone chisakhale mpeni ndi magetsi okha.

Wina anganene kuti m'dziko limene mwana amadikira miyezi kuti apeze malo kufiyeta, kukamba za chekeni n'kusowa chonena. Kafukufuku wina wa mu 2019 anayerekeza kuti ana ndi achinyamata 1.7 biliyoni padziko lonse sangathe kupeza opaleshoni akaifuna. Vuto limenelo ndi lalikulu ndipo pepala silingalithetse. Koma kumene mankhwala otonthoza mwana asanalowe kufiyeta sapezekapezeka, ndipo namwino mmodzi amayang'anira wodi yonse, ndi kumenenso njira yotsika mtengo imene gadiyani angaigwire yekha ili ndi phindu lalikulu.

Zimene pepala limachita

Choyamba, limasandutsa chosaoneka kukhala chooneka. Mwana wosakwana zaka 7 amamva mawu monga mmene alili: kung'amba ndi kung'amba basi. Mutu wake umadzaza mipata yonse imene akuluakulu asiya, ndipo umaidzaza ndi zoopsa kuposa zenizeni. Kamzere ka namwino uja kanaika malire: bala lili apa, ndi lalitali chonchi, lili ndi mapeto. Chidole chimagwiranso ntchito yomweyi. Mwana akamanga bandeji pa chidole cha chitsononkho, akachiveka chophimba kumphuno chopangidwa ndi kapepala, amakhala wayenda kale ulendowo kamodzi ali kumbali ya dokotala.

Chachiwiri, limalanda maganizo. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa ululu suyenda kuchoka pabala kupita kuubongo ngati madzi m'paipi. M'msana muli ngati chipata chimene chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono, malinga ndi mauthenga ena ochokera pakhungu ndi ochokera kuubongo. Mayi amene amasisita ndi kuuzira pamene mwana wadzigunda amagwiritsa ntchito chipata chimenechi osadziwa dzina lake. Maganizo a munthu sangasenze zinthu zambiri nthawi imodzi, choncho mwana amene watanganidwa ndi kuti mtundu usatulukire kunja kwa mzere amatsala ndi malo ochepa omvera singano. Ntchito imene imafuna maso, manja ndi kusankha imagwira mwana kwambiri kuposa kungomuuza kuti ayang'ane kumbali.

Chachitatu, limabwezera mwana kaulamuliro. M'chipatala zonse amamuchitira: amamuvula, amamugwira, amamumana chakudya. Papepala pokha ndi pamene iye ali mwini. Akafuna kuti ng'ombe ikhale yobiriwira, ikhala yobiriwira.

Chachinayi, limamupatsa pakamwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mwana wa zaka 4 alibe mawu osiyanitsira kuwawa pang'ono ndi kuwawa kosapiririka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, namwino Donna Wong ndi mnzake Connie Baker, akugwira ntchito ndi ana opsa ndi moto mumzinda wa Tulsa ku America, anapempha ana kuti ajambule nkhope zosonyeza kukula kwa ululu. Pa zojambula za anawo panachokera nkhope 6 zija, zoyambira yomwetulira mpaka yolira, zimene lero zapachikidwa m'zipatala zambiri padziko lapansi. Mu 2001 ofufuza ena anatulutsa mtundu wina wopanda kumwetulira kapena misozi, poona kuti ana amasokoneza ululu ndi chisoni. Kwathu kuno mfundoyi ndi yofunika: mnyamata amene wauzidwa kuyambira ali wakhanda kuti mwamuna salira sangaloze nkhope ya misozi ngakhale mwendo ukumuphulika.

Kafukufuku akuti chiyani

Ganizo loti kujambula kumathandiza wodwala linapatsidwa dzina mu 1942 ndi Adrian Hill, wojambula wa ku Britain amene anagonekedwa nthawi yaitali ndi chifuwa chachikulu, naona kuti pensulo imafupikitsa masiku ake ndi a odwala anzake. Mu 1955 Emma Plank anayambitsa pachipatala cha mumzinda wa Cleveland ntchito yokonzekeretsa ana kudzera m'masewero ndi zojambula, ndipo lero m'mayiko ena ndi ntchito yophunzirira kukoleji.

Ku Catania, ku Italy, Cinzia Favara-Scacco ndi anzake anafotokoza mu 2001 za ana 32 odwala khansa ya m'magazi amene ankabayidwa pamsana ndi m'mafupa. Anawathandiza ndi kujambula, kupaka mitundu ndi kusewera ndi zipangizo zachipatala, ndipo anaona kuti anawo ankalimbana pang'ono ndi kumvana bwino ndi madokotala. Mu 2017, ku Italy komweko, Alberto Dionigi ndi Paola Gremigni anapeza kuti kujambula kophatikiza ndi anthu oseketsa ana kunachepetsa nkhawa ya ana polekana ndi makolo pakhomo la fiyeta. Gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kupeta zofufuza zambiri, linaunika mu 2018 mayesero 59 okhudza ana oposa 5,500 obayidwa singano, n'kupeza kuti kusokoneza maganizo a mwana kumachepetsadi ululu ndi kuvutika, ngakhale linachenjeza kuti ambiri mwa mayeserowo sanali olimba.

Chenjezo limeneli tilimve. Mayesero a zojambula amakhala ndi ana ochepa. Sizitheka kubisira mwana kapena woyeza kuti uyu wajambula, uyu sanajambule, monga amabisira poyesa mapiritsi. N'kovutanso kulekanitsa mphamvu ya chekeni ndi mphamvu ya munthu wamkulu wodekha amene wakhala pansi pafupi ndi mwana. Ndipo pafupifupi zonsezi zinachitikira kutali, kwa ana ozolowera mabuku opaka mitundu. Tikaika zonse pamodzi, umboni woti zojambula zimachepetsa mantha asanachitike opaleshoni ndi wokhutiritsa ndithu. Woti zimachepetsa ululu wa kanthawi kochepa, monga wa singano kapena wotsuka bala, uliponso. Koma woti zimachotsa ululu waukulu wa pambuyo pa opaleshoni ndi wofooka.

Pali chinthu chimodzi chodabwitsa chimene chimatikhudza kwambiri ife. Mu 2015 Cochrane inaunika mayesero 28 a njira zotonthozera ana pogonetsedwa, n'kupeza kuti kungokhalapo kwa kholo sikuchepetsa mantha a mwana. Ku Britain anachita kumenyera nkhondo kuti makolo aziloledwa kukhala ndi ana m'chipatala, kuyambira pa filimu ya James Robertson ya mu 1952 yoonetsa kusweka mtima kwa kamtsikana ka zaka 2 kosiyidwa kokha, mpaka lipoti la Platt la mu 1959. Ife nkhondo imeneyo sitinaimenye: mwana aliyense m'wodi ali ndi gadiyani wogona pansi pa bedi. Koma mayi amene akunjenjemera, atagwira kutsaya, amapatsira mwana mantha ake ngati chimfine. Chimene chikusowa ndi chochita. Mupatseni mayiyo pepala kuti ajambule limodzi ndi mwana, mwatonthoza anthu awiri.

Dedza si mlendo pa nkhaniyi

M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira, zakale kwambiri, zimanenedwa kuti ndi za Akafula. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, ndi za makolo athu Achewa, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta aonetsa kuti zambiri mwa zoyerazi, ku Chentcherere ndi ku Mphunzi, zinkagwirizana ndi chinamwali: anankungwi ankaphunzitsa atsikana za thupi, za magazi ndi za kukula pogwiritsa ntchito zithunzi ndi zoumba. Tanthauzo la chithunzi chilichonse ndi la eni mwambo. Chimene tingatolepo ndi njira yake: pamene mwana wayandikira khomo loopsa la moyo, akuluakulu sankadalira mawu okha. Ankamuonetsa kaye.

Manja a luso sanathe m'boma lino. Ku Mua, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo malowa aphunzitsa osema ndi ojambula ambiri, chipatala cha mishoni chili pafupi pomwepo. Ku Dedza Pottery anthu akhala akuumba ndi kujambula pa mbale ndi makapu kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Koposa zonse, ana eni ake ndi amisiri. Pitani kudambo mukaone anyamata akuumba ng'ombe zadongo za linunda ndi nyanga zake, kapena akupinda mawaya kukhala galimoto yokhota ndi chiwongolero. Mnyamata wothyoka ntchafu, amene amagona chagada masabata angapo mwendo utakokedwa ndi cholemera, manja ake onse awiri amakhala aulere. Waya wofewa wopindidwa nsonga, ulusi, zitsekerero za mabotolo ndi katoni zingamudyere masiku amene akanawathera kuwerenga malata a denga. Chikhakha choyera cha pamkono nachonso ndi pepala lodikira chekeni.

Malire ake

Chekeni si panado, si morphine, si ketamine. Ngozi yaikulu ya nkhaniyi m'chipatala chosowa mankhwala ndi yoti mwana wachete angatengedwe ngati wopanda ululu. Mwana wopsa ndi moto ayenera kulandira mankhwala opha ululu nthawi yokwanira asanayambe kumumasula mabandeji. Nthano, nyimbo ndi pepala zimabwera pamwamba pa mankhwalawo.

Ukhondo nawo sukambirana. Dongo la kudambo limatha kukhala ndi tizilombo ta kafumbata, choncho lisayandikire bala, ndipo m'wodi ya opsa ndi moto lisalowe n'komwe. Kuumba kudikire kunyumba, bala litapola. Chekeni chodutsa m'manja ambiri chipukutidwe, kapena mwana aliyense akhale ndi zidutswa zake. Tizinthu ting'onoting'ono monga mikanda tisapatsidwe kwa ana osakwana zaka 3, ndipo kumbukirani kuti mwana wodikira opaleshoni amakhala wamanidwa chakudya maola 6: chilichonse chooneka ngati chodyedwa chidzapita kukamwa.

Msinkhu umasinthanso zofunika. Khanda limafuna bere, chifuwa cha mayi ndi nyimbo. Wa zaka 3 mpaka 6 amafuna chidole ndi kufotokozeredwa mwachidule, tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Wamkulupo amafuna kudziwa masiku angapo zisanachitike, ndipo amafuna chithunzi cholondola cha thupi lake. Pali ana ena amene safuna kuyang'ana kumbali, amakhazikika akamaona singano ikulowa, amenewo asakakamizidwe.

Tisasandutsenso chojambula cha mwana kukhala ula. Kupaka zakuda sikutanthauza kuti mwana akuona imfa. Mwina ndi chekeni chokhacho chimene chinatsala. Funso labwino ndi lakuti, "Tandiuza, uyu akutani?" Yankho likhale la mwini.

Lamulo lalikulu ndi loti pepala lisaname. Kuuza mwana kuti "tikungopita kukajambulitsa" pamene akupita kufiyeta kumagula bata la mphindi zochepa pa mtengo wa chikhulupiriro cha zaka zambiri. Mwana wonamizidwa kamodzi adzalimbana ndi aliyense wovala zoyera, ngakhale wobwera ndi katemera.

Chotsala ndi funso la amene angagwire ntchitoyi. Anamwino ali kale ndi katundu woposa mutu wawo. Koma zimene zikufunika n'zochepa: chithunzi chimodzi cha thupi la mwana chosindikizidwa pa mapepala ambiri, bokosi la chekeni lokhala ndi woliyang'anira, mawu ogwirizana amene onse m'wodi azigwiritsa ntchito m'malo mwa "kung'amba" ndi "kukomola", ndi mphindi zochepa zophunzitsa magadiyani madzulo a tsiku loti mawa ndi opaleshoni. Ophunzira unamwino, amayi a mvano ndi a m'magulu ena a mipingo amene amayendera odwala kale, ndi ojambula a m'boma lino angagawane zotsalazo. Ndipo popeza njira zopimira mantha ndi ululu zilipo kale, palibe choletsa kuti ophunzira a zaumoyo ayese nkhaniyi pa ana a kuno, ndi zipangizo za kuno, tileke kudalira za ku Catania zokha.

Mwana wa mlongo wanga uja analowa kufiyeta m'mawa mwake atagwira pepala lake, ndipo wogonetsa odwala anamulola kulisunga mpaka tulo titamutenga. Analira pobayidwa diripi, sindinganame, koma sanafunike anthu anayi omupanikiza. Patapita masiku, akumusintha bandeji, anadzutsa mutu n'kuyang'anitsitsa pamimba pake. Kenako anafunsa pepala lija kwa mayi ake, amene analisunga m'chikwama pamodzi ndi buku la kuchipatala.

"Amalume, anesi aja analakwitsa. Anajambula titatu, koma tilipo tinayi."

Anatenga chekeni, nawonjezerapo kamzere kamodzi.